Mmene mungaikire satifiketi ya HTTPS yaulere pa seva ya Ubuntu, komanso kuti isakufereni pakatha masiku 90

Anthu ambiri amene amandiimbira foni pa nkhani ya HTTPS, njira yobisa uthenga pakati pa browser ndi webusayiti, sikuti analephera kuika satifiketi ayi, anaika bwinobwino nkuiwala, ndiye patapita miyezi itatu webusayiti yayamba kuonetsa tsamba loopseza lija la "Your connection is not private" ndipo bwana wa kampani watumiza kale screenshot pa WhatsApp kufunsa ngati ma hacker alowa. Gulu lina ndi la aja amene Certbot, pulogalamu yotengera satifiketi, imangowakana kambirimbiri, amayesanso, amayesanso, mpaka Let's Encrypt, amene amapereka masatifiketi aulerewo, kuwatsekera kunja kwa kanthawi. Kuika kwenikweniko ndi ntchito ya mphindi zisanu basi. Pamene anthu amagwa ndi pa zinthu zoyenera kukonza musanayambe, ndi pa zoyenera kuonetsetsa mukamaliza, ndiye mpomwe ine ndichedwepo kwambiri.

Pano ndikugwiritsa ntchito Ubuntu ndi Nginx, pulogalamu imene imapereka masamba a webusayiti pa seva, chifukwa ndi zomwe ndimagwira tsiku ndi tsiku. Amene mumagwiritsa ntchito Apache m'malo mwa Nginx musadandaule, kusiyana kwake nkochepa ndipo ndakuikirani m'munsimu. Paliponse pamene ndalemba dzinalanu.mw muikepo domeni yanu yeniyeni.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Seva ya Ubuntu 22.04 kapena 24.04 yokhala ndi IP yakeyake yofikirika pa intaneti. VPS yotchipa iliyonse ikwanira.
- Njira yolowera pa SSH ndi akaunti imene ili ndi mphamvu ya sudo.
- Domeni yanu, kaya ndi ya .mw kaya ya .com, komanso pasiwedi yolowera komwe mumasinthira DNS, imene imalozetsa domeni ku IP ya seva. Ichi chionetsetseni lero, chifukwa nthawi zambiri pasiwediyo imakhala ndi mnyamata amene anapanga webusayiti zaka zitatu zapitazo ndipo pano nambala yake sikupezeka.
- Nginx yoikidwa kale ndipo webusayiti ikutseguka pa http wamba.
- Bandulo yokwanira ndi laputopu yotchaja. Sizidya data yambiri, koma netiweki kuduka muli pakati posintha fayilo ya Nginx si zabwino.

Ndalama sizikufunika. Let's Encrypt imapereka masatifiketi ulere ndipo ma browser onse akuluakulu amawavomereza. Munthu akakuuzani kuti yaulere ndi yofooka pobisa uthenga kusiyana ndi yogula, akufuna akugulitseni chinachake. Kubisa kwake nkofanana.

## Sitepe 1: Onetsetsani kuti domeni ikuloza ku seva yanu

Let's Encrypt isanakupatseni satifiketi imafuna umboni woti domeniyo ndi yanudi. Mmene imachitira ndi chonchi: Certbot imaika kafayilo kakang'ono pa seva yanu, kenako makompyuta a Let's Encrypt amabwera kuchokera kunja kudzakafunafuna pa adiresi ya http://dzinalanu.mw/.well-known/acme-challenge/ ndipo akakapeza basi mwakhoza. Ndiye ngati domeni ikuloza kwina, abwera pakhomo pa munthu wina nkubwerera chimanjamanja.

Lembani izi pa laputopu yanu:

    dig +short dzinalanu.mw
    dig +short www.dzinalanu.mw

Zonse ziwiri zikuyenera kubweza IP ya seva yanu. Ya www ija ndi imene ambiri amaiwala, amaika A record, mzere wa mu DNS woloza ku IP, ya dzina lopanda www lokha, kenako nkumadabwa kuti Certbot ikukana chani. Ngati mwangosintha DNS pompano dikirani kaye, nthawi zina zimatenga mphindi zochepa nthawi zina maola angapo, zimatengera TTL imene inalipo kale, yomwe ndi nthawi imene makompyuta ena amasunga yankho lakale la DNS.

Chenjezo lalikulu apa ndi AAAA record, ija ya IPv6. Yesaninso ndi iyi:

    dig +short AAAA dzinalanu.mw

Ikabweza adiresi, onetsetsani kuti ndi ya seva yanu yomweyi ndipo Nginx ikumvetsera pa IPv6. Let's Encrypt ikapeza AAAA imayamba kuyesa imeneyo. Ineyo ndinatayapo madzulo onse pa webusayiti ya sitolo ina, pa browser yanga zonse zikutseguka bwinobwino chifukwa netiweki yanga inali ya IPv4 yokha, koma Certbot ikungoti 404, kumapeto nkupeza kuti panatsala AAAA yakale yoloza ku kampani ya hosting imene anasamukako chaka chatha. Ngati IPv6 simukuigwiritsa ntchito, ifufuteni record imeneyo basi.

## Sitepe 2: Tsegulani port 80 ndi port 443

443 ndi ya HTTPS, izi aliyense amadziwa. Koma 80 nayonso ikuyenera kukhala yotsegula, lero komanso mpaka kalekale, chifukwa kafayilo ka umboni kaja amadzakafuna kudzera pa 80 nthawi iliyonse imene satifiketi ikupangidwa renew. Pali anthu amene akangoona HTTPS yagwira amathamangira kutseka 80 poganiza kuti akulimbitsa chitetezo, ndiye amenewo ndi aja ondiimbira pakatha miyezi itatu aja.

Ngati mumagwiritsa ntchito ufw, firewall ya pa Ubuntu:

    sudo ufw allow OpenSSH
    sudo ufw allow 'Nginx Full'
    sudo ufw status

Mzere woyambawo musaudumphe ngati ufw mukuiyatsa koyamba. Mukayatsa firewall musanalole SSH mwadzitsekera panja nokha, kiyi ali mkati.

Komanso dziwani kuti makampani ambiri a cloud ali ndi firewall yachiwiri pa dashboard yawo, kunja kwa seva. Pa AWS amaitcha security group, ena amangoti firewall. Mukhoza kutsegula ufw bwinobwino koma kunjako chitseko chili chotseka. Njira yosavuta yodziwira ndi kuzimitsa WiFi pa foni, kuyatsa data, nkutsegula http://dzinalanu.mw. Ikatseguka pa data ya foni ndiye kuti anthu akunja akuifikira.

## Sitepe 3: Uzani Nginx dzina la webusayiti

Certbot imawerenga mafayilo a Nginx kufunafuna mzere wa server_name wofanana ndi domeni imene mwaipempha. Ikapanda kuupeza, satifiketi itenga koma sidziwa poiika. Tsegulani fayilo ya webusayiti yanu:

    sudo nano /etc/nginx/sites-available/dzinalanu.mw

Mkatimo mukhale zonga izi:

    server {
        listen 80;
        listen [::]:80;
        server_name dzinalanu.mw www.dzinalanu.mw;
        root /var/www/dzinalanu;
        index index.html index.php;
    }

Ngati fayiloyi ndi yatsopano ilumikizeni ku sites-enabled, kenako yesani ngati mwalemba bwino:

    sudo ln -s /etc/nginx/sites-available/dzinalanu.mw /etc/nginx/sites-enabled/
    sudo nginx -t
    sudo systemctl reload nginx

Chizolowezi cha nginx -t chikhale m'magazi. Ka semicolon kamodzi kakasowa Nginx imakana kudzuka, ndipo ngati munapanga restart osayesa kaye, mawebusayiti onse a pa seva imeneyo agwera limodzi.

Musanapitirire koperani foda yonse ya Nginx pambali, kuti zikavuta mukhale ndi pobwerera:

    sudo cp -r /etc/nginx /root/nginx-yakale

## Sitepe 4: Ikani Certbot

Certbot ndi pulogalamu ya bungwe la EFF (Electronic Frontier Foundation) imene imalankhula ndi Let's Encrypt m'malo mwanu. Eni akewo amalangiza kuiika kudzera pa snap chifukwa imadzipanga update yokha. Ngati munaikapo kale ina ya apt ichotseni kaye, ziwiri pa seva imodzi zimasokonezana ndipo simudziwa kuti imene ikuyankha ndi iti.

    sudo apt remove certbot
    sudo snap install --classic certbot
    sudo ln -s /snap/bin/certbot /usr/bin/certbot
    certbot --version

Ikaonetsa nambala ya version ndiye kuti zatheka. Palibe zambiri apa.

## Sitepe 5: Yesani kaye mongoyerekeza

Iyi ndi sitepe imene simuipeza m'malangizo ambiri koma ndi imene imapulumutsa. Let's Encrypt ili ndi malire: mukalephera umboni kasanu pa ola limodzi pa dzina lomwelo imakuimitsani kaye, ndipo satifiketi ya maina ofanana ndendende mungaitenge kasanu kokha pa masiku 7. Munthu ukapanikizika umangobwereza command yomweyo ngati kuti isintha maganizo, ndiye kasanu sikachedwa kukwana. Pofuna kupewa zimenezi pali seva yawo yoyeserera imene malire ake ndi otakasuka:

    sudo certbot certonly --nginx --dry-run -d dzinalanu.mw -d www.dzinalanu.mw

Ikanena kuti "The dry run was successful" pitani ku sitepe 6. Ikakana werengani bwinobwino uthenga wake, osangoona kufiira nkuthawa, chifukwa imanena vuto lenileni:

- "NXDOMAIN" kapena "no valid A records found" ndiye kuti DNS sinakhale bwino, bwererani ku sitepe 1.
- "Timeout during connect" pafupifupi nthawi zonse ndi firewall, sitepe 2.
- "Invalid response" yokhala ndi 404 kapena 403 ndiye kuti afika pa seva ina, kapena pali lamulo lina mu Nginx limene likutchinga foda ya .well-known. Malamulo aja oletsa mafayilo onse oyamba ndi kadontho ndi amene amakonda kuchita zimenezi.

Zambiri zimalembedwa mu /var/log/letsencrypt/letsencrypt.log ngati uthenga wa pa sikirini sukukwanira.

## Sitepe 6: Tengani satifiketi yeniyeni

    sudo certbot --nginx -d dzinalanu.mw -d www.dzinalanu.mw

Ikufunsani imelo, kenako kuti muvomereze malamulo awo, kenako ngati mukufuna kumalandira nkhani za EFF, apo mukhoza kukana palibe vuto. Ikatero itenga satifiketi, isintha fayilo ya Nginx ija yokha, ndipo ma version atsopano amaikiratu redirect yoti aliyense wobwera pa http azitumizidwa ku https.

Mafayilo anu akhala mu /etc/letsencrypt/live/dzinalanu.mw/ ndipo alipo anayi ofunika kuwadziwa. Fayilo ya privkey.pem ndi kiyi wanu wachinsinsi, cert.pem ndi satifiketi yanu yokha, chain.pem ndi masatifiketi apakati amene amalumikiza yanuyo ndi muzu, satifiketi yaikulu imene browser imaikhulupirira, ndipo fullchain.pem ndi ziwiri zomalizazi zitaphatikizidwa. Nginx imafuna fullchain.pem ndi privkey.pem. Mukatsegula fayilo ya webusayiti ija muona mizere iyi yawonjezeka:

    ssl_certificate /etc/letsencrypt/live/dzinalanu.mw/fullchain.pem;
    ssl_certificate_key /etc/letsencrypt/live/dzinalanu.mw/privkey.pem;

Za privkey.pem ndinene mosabisa. Musaitumize pa WhatsApp, musaiike pa GitHub, musaipange chmod 777 chifukwa pulogalamu ina ikudandaula kuti siikutha kuiwerenga. Amene watenga fayilo imeneyi akhoza kudzionetsa ngati webusayiti yanu. Ndinaionapo itaponyedwa mu gulu la WhatsApp la anthu oposa 100 ndi munthu wofuna thandizo, anakopera zonse zimene zinali mu foda nkuponya. Zikakuchitikirani zotere ipangeni revoke satifiketiyo ndi certbot revoke nkutenga ina ya kiyi watsopano, kufufuta meseji sikukwanira.

Chinanso, zimene zili mu foda ya live ndi ma symlink oloza ku foda ya archive. Musazikopere kwina nkumalozetsa Nginx ku zokoperazo, chifukwa Certbot ikadzatenga satifiketi yatsopano zanu zokopera zija zidzakhala zakale zomwezo.

## Sitepe 7: Onani ngati zagwiradi

Tsegulani https://dzinalanu.mw pa browser. Musadabwe mukapanda kuona kaloko kaja pa Chrome, anakachotsa mu 2023 nkuikapo kachizindikiro ka timizere tiwiri, mukakadina mpomwe pamalembedwa kuti connection is secure. Chofunika nchakuti mawu oti "Not secure" achoke.

Koma browser ya pa laputopu yokha musaikhulupirire, imatha kubisa zolakwika zina. Yesaninso pa terminal:

    curl -I http://dzinalanu.mw
    curl -I https://dzinalanu.mw
    curl -I https://www.dzinalanu.mw

Yoyamba ibweze 301 ndi mzere wa Location woyamba ndi https. Zinazo zibweze 200, kapena 301 ngati munakonza kuti www izipita ku dzina lopanda www. Kuti muone masiku a satifiketi imene seva ikuperekadi kwa anthu:

    echo | openssl s_client -connect dzinalanu.mw:443 -servername dzinalanu.mw 2>/dev/null | openssl x509 -noout -dates

Command imeneyi isungeni penapake, mudzaifuna. Pomaliza pitani pa SSL Labs ya Qualys, lembani domeni yanu, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu. Ndi zimene Certbot imaika yokha mumayenera kupeza A. Mukapeza B ndipo pakulembedwa za chain yosakwanira, onani ngati simunaike cert.pem m'malo mwa fullchain.pem.

## Sitepe 8: Konzani zithunzi ndi mafayilo otsalira pa http

Satifiketi ili bwino koma tsamba likuoneka lophwasuka, mitundu yasowa, ma menu sakudinika? Limeneli ndi vuto la mixed content. Tsamba lenilenilo labwera pa https koma mkati mwake muli ma link a CSS kapena JavaScript olembedwa http://, ndiye browser imawakana. Dinani F12, pitani pa Console, muona mndandanda wa mafayilo amene akanidwa.

Pa WordPress yambani ndi Settings kenako General, musinthe ma adiresi awiri aja akhale a https. Zotsalira mu database, ngati muli ndi WP-CLI, chida cha WordPress cha pa terminal, zimasinthidwa chonchi:

    wp search-replace 'http://dzinalanu.mw' 'https://dzinalanu.mw' --dry-run

Muone kuchuluka kwa zimene isinthe, pangani backup ya database, kenako muibwereze mutachotsa --dry-run. Osasintha ndi SQL wamba ya REPLACE, ma theme ambiri amasunga ma setting awo m'njira imene imawerengera kutalika kwa mawu, ndiye mukawonjezera ka s kamodzi popanda kukonza nambalayo ma setting amasowa.

## Sitepe 9: Renew, pamene ambiri amagwera

Satifiketi ya Let's Encrypt imakhala masiku 90. Certbot imayenera kutenga yatsopano yokha pakatsala masiku pafupifupi 30, ndipo snap ija imaika timer imene imadzuka kawiri pa tsiku kuona ngati nthawi yakwana. Mawu oti "imayenera" ndawasankha dala. Onani ngati timer ilipodi:

    systemctl list-timers | grep certbot

Muone mzere wa snap.certbot.renew.timer ndi nthawi imene idzukenso. Kenako yesani renew yongoyerekeza:

    sudo certbot renew --dry-run

Ikadutsa lero ndi bwino, koma kudutsa lero sikutanthauza kuti idzadutsa mwezi wa mawa. Pakati apa wina akhoza kutseka port 80, kusuntha DNS, kapena disiki kudzaza ndi ma log. Ndiye nthawi iliyonse imene mwagwira firewall, DNS kapena mafayilo a Nginx, bwerezani command imeneyi musanatseke laputopu.

Kale Let's Encrypt inkatumiza imelo yochenjeza satifiketi ikatsala pang'ono kutha, ndipo ambiri tinkadalira imeneyo. Anasiya mu June 2025. Panopa palibe amene akudzutseni, mudzangomva kwa kasitomala. Ine zinandigwera Loweruka lina ndili ku ukwati kumudzi, netiweki ya kadontho kamodzi, webusayiti ya sukulu ina imene makolo amaonerapo zotsatira za ana yafa satifiketi, ndipo chifukwa chake chinali choti miyezi iwiri m'mbuyomo ndinachotsa subdomain ina yakale mu DNS koma inali idakali pa satifiketi yomweyo. Dzina limodzi likalephera umboni, satifiketi yonse siipangidwa renew. Certbot inakhala ikulephera mwakachetechete kwa mwezi wathunthu, kawiri pa tsiku, ine osadziwa kanthu. Ndinakonza nditakwera pa chulu kuseri kwa tchalitchi ndi SSH ya pa foni, suti ili m'thupi.

Ndiye chitani ziwiri izi. Choyamba, muziona maina amene ali pa satifiketi iliyonse ndi masiku otsala:

    sudo certbot certificates

Ngati pali dzina limene simukuligwiritsanso ntchito, tenganinso satifiketiyo ndi maina otsala okha:

    sudo certbot --nginx --cert-name dzinalanu.mw -d dzinalanu.mw -d www.dzinalanu.mw

Chachiwiri, pezani chinthu cha kunja kwa seva choti chizikuyang'anirani. Pali ma service ambiri oyang'anira mawebusayiti amene amachenjeza za satifiketi, kapena ngati muli ndi seva ina ikanipo Uptime Kuma, ndi yaulere ndipo imatha kutumiza uthenga pa Telegram masiku akatsala ochepa. Ngakhale ka reminder ka pa kalendala ya foni kamwezi ndi mwezi nkabwino kusiyana ndi kungokhala. Lamulo langa ndi loti ndikaona satifiketi yatsala ndi masiku osakwana 25 ndiye kuti renew yalephera kale, ndiyambe kufufuza tsiku lomwelo.

Ngati munatenga satifiketi ndi certonly nkuiika pamanja mu Nginx kapena mu pulogalamu ina monga ya imelo, pali msampha wina. Certbot itenga yatsopano bwinobwino, koma pulogalamuyo ipitiriza kupereka yakale imene inaiwerenga podzuka mpaka itapangidwa reload. Mumaona certbot certificates ikuti masiku 80 atsala pamene browser ikuti yatha. Mankhwala ake ndi kuika ka script mu foda ya /etc/letsencrypt/renewal-hooks/deploy/ kokhala ndi mizere iwiri iyi, nkukapanga chmod +x:

    #!/bin/sh
    systemctl reload nginx

Ndipo zoti ndizingopanga renew pamanja miyezi itatu iliyonse muziiwale. Makampani a masatifiketi ndi a ma browser anagwirizana mu 2025 kuti moyo wa satifiketi uzifupika pang'onopang'ono mpaka kufika masiku 47 mu 2029, ngakhale zogula zomwe. Amene sanazolowere kuti makina azichita okha adzatopa.

## Sitepe 10: HSTS, koma modekha

Certbot imaika kale ma setting abwino a TLS mu fayilo ya options-ssl-nginx.conf, imalola TLS 1.2 ndi 1.3 basi, ndiye musavutike kukopera mindandanda ya ma cipher ya m'malangizo a 2015. Chimene mungawonjezere ndi HSTS, imene imauza browser kuti webusayiti iyi isadzaitsegulenso pa http. Mu server block ya 443 ikani:

    add_header Strict-Transport-Security "max-age=300" always;

300 ndi masekondi, kutanthauza mphindi zisanu. Yambani ndi yochepa chonchi. Pakatha milungu ingapo, renew itadutsa kamodzi payokha, mukhoza kukweza kufika 31536000 chomwe ndi chaka. Chifukwa chodekhera nchakuti HSTS ikagwira, satifiketi ikadzafa browser siperekanso kabatani kaja kopitirira mokakamiza, munthu amangotsekeredwa basi. Mawu a includeSubDomains ndi preload musawaike pokhapokha mukudziwa kuti subdomain iliyonse ili ndi HTTPS, kuphatikiza ija ya accounts imene inaiwalika pa kompyuta ya mu ofesi.

## A Apache

Masitepe onse ndi omwewo. Mu VirtualHost yanu mukhale ServerName dzinalanu.mw ndi ServerAlias www.dzinalanu.mw, pa ufw lolani 'Apache Full', poyesa mafayilo gwiritsani sudo apachectl configtest, ndipo command yake ndi sudo certbot --apache. Certbot ipanga fayilo ina yothera ndi -le-ssl.conf, imeneyo ndiye ya 443, ndiye mukamasintha zinthu mtsogolo muzikumbukira kuti mafayilo alipo awiri.

## Nanga seva ikakhala mu ofesi kuseri kwa router ya SIM card?

Apa njira ya port 80 nthawi zambiri siitheka. Netiweki zambiri za foni zimagawira makasitomala ambiri IP imodzi, ndiye ngakhale mupange port forwarding pa router, wochokera kunja sangakufikeni. Muone IP imene router ikuonetsa ku mbali ya WAN, ngati ikuyamba ndi 10. kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127 ndiye kuti muli m'gulu limenelo.

Satifiketi mukhozabe kuipeza kudzera pa umboni wa DNS, pomwe m'malo mwa kafayilo mumaika TXT record yotchedwa _acme-challenge. Njira yomweyi ndi yokhayo yopezera satifiketi ya wildcard, ija ya *.dzinalanu.mw yokwirira ma subdomain ambiri pakamodzi. Mukachita ndi --manual dziwani kuti siidzipanga renew yokha, mudzayenera kuika TXT yatsopano ulendo uliwonse. Chabwino ndi kusunga DNS yanu kumene kuli API, monga Cloudflare, nkugwiritsa ntchito plugin ya Certbot ya kumeneko. Koma kumbukirani kuti satifiketi siitsegula njira, anthu a kunja sadzaifikirabe seva imeneyo, izi zimathandiza pa ma system ogwiritsidwa ntchito mkati mwa ofesi momwemo.

## Zolakwika zimene ndimakumana nazo kawirikawiri

ERR_TOO_MANY_REDIRECTS. Kawirikawiri zimachitika webusayiti ikamadutsa pa Cloudflare ndipo SSL mode ya kumeneko ili pa Flexible. Cloudflare ikulankhula ndi seva yanu pa http, seva ikuibweza ku https, iyo ikubweranso pa http, kuzungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake. Popeza pano muli ndi satifiketi yeniyeni pa seva, sinthani SSL mode ikhale Full strict.

NET::ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID. Dzina limene munthu walemba silili pa satifiketi. Mwina munaiwala -d www, kapena Nginx ikupereka satifiketi ya webusayiti ina ya pa seva yomweyo chifukwa server_name sinafanane. Dziwaninso kuti wildcard ya *.dzinalanu.mw siikwirira dzinalanu.mw lopanda kanthu kutsogolo, limenelo mumaliwonjezera palokha.

Pa laputopu ikutseguka koma app ya pa foni kapena curl ikukana. Ndi nkhani ya cert.pem ija. Ma browser a pa kompyuta amatha kudzipezera okha satifiketi yapakati yosowayo, mapulogalamu ena sachita zimenezo. Izi zimapweteka kwambiri ngati muli ndi system yolandira ma callback a malipiro, ndalama zikulowa koma uthenga wotsimikiza sukufika pa seva.

CAA record yoiwalika. Ngati domeni inagulirapo satifiketi kwina kale, mwina mu DNS muli CAA record yolola kampani imeneyo yokha kupereka satifiketi ya domeniyo. Onani ndi dig CAA dzinalanu.mw, ngati ilipo wonjezerani ina ya letsencrypt.org.

Kufufuta mafoda a mu /etc/letsencrypt pamanja. Mukafuna kuchotsa satifiketi gwiritsani sudo certbot delete, ndipo muyambe mwachotsa mizere yake mu Nginx, apo ayi Nginx idzakana kudzuka chifukwa ikufuna fayilo imene kulibe.

Kasitomala mmodzi yekha akuti sizikutseguka. Musanagwire seva mufunseni kaye deti imene foni yake ikuonetsa. Foni ikathima kwa nthawi yaitali kapena batire ikachotsedwa, deti imatha kubwerera zaka m'mbuyo, ndiye satifiketi iliyonse imaoneka ngati sinayambe kugwira ntchito, uthenga wake umakhala NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Akakonza deti zimatheka pompo. Ngati deti ili bwino mufunseni version ya Android. Mafoni a Android yakale kuposa 7.1.1 sadziwa muzu wa Let's Encrypt wotchedwa ISRG Root X1, ndipo njira imene inkawathandiza inatha mu 2024, pomwe kwathu kuno mafoni oterewa akadalipo m'matumba mwa anthu. Pa seva palibe chimene mwalakwitsa. Ngati m'fonimo muli Firefox ayese imeneyo chifukwa imayenda ndi mndandanda wakewake wa masatifiketi odalirika, koma ngati makasitomala anu ambiri ali ndi mafoni amenewa muyenera kuganiza zotenga satifiketi kwa kampani ina imene muzu wake ndi wakale mokwanira kuti mafoniwo aziudziwa.